Chitini cha Anatembo

Dalitso, chitini icho sichopita kudzala. Ndakumvani mukunong'onezana ndi Tionge kuti agogo amasunga zinyalala, ndipo simukunama kwenikweni, pakuti kuchipinda kwanga kuli nsapato zomwe zinasiya kuyenda inu musanabadwe. Nsapatozo katayeni. Koma chitinicho bwera nacho kuno, uchiike pampandopa. Tsache lisiyeni kaye, mafoni muwagoneke chafufumimba, ndikuuzeni mmene chinthu chadzimbirichi chinandichititsira manyazi pamaso pa msika wonse wa Kapata.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yovuta, yowerenga chenji kawiri mukabwera kokagula buledi. Si ukalamba umenewo, ndi ntchito. Moyo wanga wonse wapantchito ndinali pa koleji kuno ku Chipata, kuphunzitsa masamu a zamalonda. Sanali masamu aja a zilembo zosadziwika mwini wake. Anali masamu a munthu wofuna kutsegula golosale, a telala wogula nsalu, a kalipentala woyeza matabwa: wagula zingati, ugulitse zingati, ukatsitsa mtengo utsala ndi chiyani. Ophunzira anga anali anthu akuluakulu, ena a ndevu, ena osiya ana kunyumba. Zida zathu zinali choko, bolodi ndi mutu. Kakyuleta inalipo imodzi pakoleji ponse, ndipo inkagona m'dirowa ya akuluakulu, yokiyidwa. Mapepala a mayeso tinkasindikiza pa makina opukusa ndi dzanja, a inki yofiirira yonunkha sipiriti, moti tsiku la mayeso kalasi yonse inkayamba yanunkhiza pepala isanawerenge funso. Lero inu ndikakufunsani seveni kuchulukitsa ndi eyiti, dzanja limathamangira m'thumba.

Masamu ine ndinayambira kumudzi ku Chipangali. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tizibwera ndi njere za chimanga zowerengera. Anzanga ankabwera ndi zaziwisi, ine ndinkabwera ndi zokazinga, choncho pomwe tinkafika pa phunziro la kuchotsera ndinali katswiri kale. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunena kuti mwana wa aMwale ali ndi mutu, ndipo ine ndinawakhulupirira kwambiri kuposa mmene zinafunikira.

Malemu agogo anu aakazi, Anatembo, sukulu sanapite nayo patali. Anali ndi tebulo mumsika wa Kapata, lachitatu kuchokera pakhomo, ndipo ankagulitsa nsawa zosenda, mtedza weniweni wa njere zikuluzikulu wochokera kwa alimi a kwathu ku Chipangali. Musalipeputse tebulo limenelo. Masiku amenewo malipiro a boma ankabwera tsiku lomwe afuna okha, ndipo mwezi ukatalika tinkadya za patebulo. Yunifolomu ya amayi ako, Dalitso, inachokera pamenepo. Suti yanga yomwe ndinkayenda nayo mwamdidi ku koleji inachokeranso pamenepo, ngakhale sindinkakonda kukumbutsidwa.

Choyezera chawo chinali chitini chomwechi, cha malita asanu, chija pamsika amati meda. Wogula akabwera, Anatembo ankadzaza chitini, n'kukhuthulira m'thumba mwake. Kenako ankatapa nsawa ndi manja onse awiri n'kuwonjezera pamwamba, uku akufunsa za ana ndi za odwala. Imeneyo ndiyo mbasela. Inu a m'masitolo akuluakulu simuidziwa, kumeneko makina akalira basi nkhani yatha. Koma nthawi yathu kugula chinthu popanda mbasela kunali kwachilendo.

Ine mbaselayo inkandiwawa mumtima. Ndikadutsa pamsika pochokera ku koleji, n'kuona manja aja akutapa, ndinkaona ndalama zathu zikulowa m'matumba a anthu. Tsiku lina Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinawapempha kuti atape kamodzi monga amachitira, athire m'kapu yoyezera. Anatapa. Kapu inadzaza bwinobwino, kota ya lita. Ndinatenga pensulo. Pachitini panalembedwa malita asanu, ndiye kuti makapu makumi awiri. Mbasela imodzi pa chitini chilichonse, ndiye kuti pa zitini makumi awiri chimodzi chikupita chaulere. Asanu pa zana, inu mumati faifi peresenti. Ndinachulukitsa ndi masiku a pachaka, ndipo yankho lake linali lokwana kugula njinga yatsopano ndi belu lomwe. Ndinawaonetsa pepala lija ndi kuwafotokozera pang'onopang'ono ngati ophunzira a chaka choyamba. Iwo analiyang'ana, anandiyang'ana, n'kundiuza kuti tiyi wanga akuzizira.

Zindikirani chinthu chimodzi pamenepa, chifukwa chibweranso. Makapu makumi awiri aja ndinawapeza papepala. Sindinawathire m'chitinimo kuti ndione ndi maso.

Choipitsitsa n'chakuti nkhaniyo ndinapita nayo m'kalasi. Ndikafika pa phunziro la maperesenti ndinkalemba pabolodi za mayi wina wa pamsika, osatchula dzina, amene ankataya phindu lake ndi manja ake omwe. Ophunzira ankawerengera, ankapukusa mitu, ndipo ine ndinkamva kukoma.

Chaka china m'mwezi wa Ogasiti, koleji itatsekera, apongozi anga anadwala n'kugonekedwa kuchipatala cha ku Tamanda. Anatembo anayenera kukawadwazika, ndipo sizinkadziwika kuti akatenga masiku angati. Iwo ankafuna kusiya tebulo m'manja mwa mnzawo wa pamsika. Ine ndinakana. Ndinati mwamuna wawo ali pa holide, ndipo mwamuna wakeyo ndi amene amaphunzitsa anthu malonda, nanga n'kuvutitsiranji anthu? Pokwera lole anangondisiyira mawu amodzi: «AMwale, muzichita monga ndimachitira ine.»

Lolemba m'mawa ndinafika pamsika nditamanga tayi, ndi kope pakhwapa. Usaseke, Chisomo, munthu wa koleji sankayenda khosi lili pamtunda. Woyamba kufika anali amayi Zulu, kasitomala wamkulu wa agogo anu, amene ankasinja chiponde chogulitsa ndipo ankatenga zitini zitatu Lolemba lililonse. Ndinadzaza, ndinakhuthula, katatu. Ndinalandira ndalama, ndinathokoza. Iwo anangoima, thumba lili yasa.

«Mwaiwala, aphunzitsi.»

Ndinawauza kuti sindinaiwale. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti alipira zitini zitatu ndipo alandira zitini zitatu, kuti malonda abwino ndi oterowo, ndipo ndinatchulanso faifi peresenti. Amayi Zulu sanakangane nane. Ananyamula thumba lija m'mwamba ndi dzanja limodzi, analitsitsa, analinyamulanso, ngati akulifunsa kanthu. Kenako analisenza n'kumapita, osatsazika.

Sabata yoyamba ndinkagona ndi chimwemwe. Aliyense wogula ndinkamulemba m'kope, dzina ndi zitini zake, ndipo m'mphepete ndinkalemba makapu amene ndapulumutsa. Sabata yachiwiri ndinaona kuti anthu akundipatsira moni patali. Ankakweza dzanja mwaulemu ndithu, n'kupitirira kukagula patebulo lachisanu. Ndinadziuza kuti ndi pakati pa mwezi. Sabata yachitatu ndinawerenga nyuzipepala yonse mpaka mauthenga a maliro, ndipo ntchito yanga inatsala yoingitsa ntchentche ndi nkhuku.

Lachinayi la sabata imeneyo anandiitana a komiti ya pamsika. Wapampando anali amayi Daka, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wogulitsa nyemba. Anandiuza kuti kwabwera madandaulo akuti patebulo la Anatembo pakugulitsidwa muyeso woperewera. Ine ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinatulutsa pepala langa, ndinakonza tayi, ndinayamba kuphunzitsa. Anthu anaunjikana, ndipo pakati pawo ndinaona wophunzira wanga mmodzi, tomato ali m'manja, khutu lili tcheru.

Amayi Daka anandisiya ndimalize. Kenako anaitanitsa chitini cha komiti, chatsopano, chosakhudzidwa. Anandiuza kuti ndidzaze chathu monga ndimadzazira, ndikhuthulire m'menemo. Ndinatero ndi manja anga. Nsawa zinalowa zonse, ndipo pamwamba panatsala malo. Sanali malo aakulu, koma aliyense anawaona. Amayiwo anatenga chitini chathu, anachitembenuza, n'kundionetsa kunsi kwake. Tachitembenuza, Tionge. Waona mmene panalowera m'kati? Panakhomedwa ndi hamala, mwaluso, mozungulira bwino. Ine ndinali nditachigwira masabata atatu osachiyang'ana kunsi.

Masabata atatu ndinali nditagulitsa anthu muyeso wosakwana, ine mphunzitsi wa masamu a zamalonda, ndipo umboni wonse unali m'kope langa lomwe, wolembedwa bwino ndi rula. Amayi Daka ananena kuti Anatembo amawadziwa zaka zambiri, choncho sathamangira kuweruza. Koma anapereka sabata imodzi. Ngati nkhaniyo siikonzedwa, tebulo lipatsidwa kwa wina, pakuti ofuna malo analipo ambiri pamndandanda.

Ndinaopa, ana inu. Sindinaopepo chotero ngakhale tsiku loyamba kuima kutsogolo kwa kalasi. Tebulo lija agogo anu analidikira zaka kuti alipeze, ndipo ine ndinkalitaya m'masabata atatu. Ndikuuzeninso chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ganizo loyamba limene linandibwerera linali lakuti mkazi wanga ndi wakuba, ndipo wandibisira zaka zonsezi.

Kunalibe foni yoti ndiimbe. Lole ya ku Tamanda inali itapita kale, choncho m'mawa mwake ndinamangirira chitini pakaliyala n'kukwera njinga. Inu mumadandaula minibasi ikachedwa theka la ola. Msewu umenewo m'Ogasiti unali fumbi lokhalokha, mphepo ikukubweza m'mbuyo, mapiri akufuka utsi wa anthu osaka mbewa. Pachitunda unkatsika n'kukankha. Tayala linaphulika kamodzi, ndinamata ndi mphira pansi pa mtengo wa masuku. Chitini chinkalira kumbuyo kwanga njira yonse, ndipo ndinafika masana, tsitsi ndi nsidze zili zofiira.

Anatembo ndinawapeza kumalo kophikira odwazika matenda, akupanga phala la amayi awo. Atandiona ndi chitini anasiya mthiko. Ndinafunsa kaye za odwala, ndinamva kuti akupezako bwino, kenako ndinawatengera pambali n'kuwafotokozera zonse. Pomaliza ndinatembenuza chitini ndi nkhope ya woweruza n'kuwafunsa kuti ichi n'chiyani.

Anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa njerwa, akupukuta misozi ndi chitenje, azimayi ena onse akutiyang'ana. Atapuma anandifotokozera. Chitinicho anapita nacho okha kwa mmisiri wa zidebe wa ku Kapata chaka chomwe anapeza tebulo. Mmisiriyo ankakhoma pang'ono, iwo n'kuyesa, kukhoma pang'ono, kuyesanso, mpaka malo ochotsedwa kunsi anafanana ndi nsawa zokwana m'manja mwawo. Matebulo onse ankatero, aliyense ndi manja ake, ndipo ogula onse ankadziwa. Chitini ndi kutapa kumodzi, pamodzi, ndiwo unali muyeso wathunthu. Anati munthu akabwera kumsika safuna kungothiridwa ngati ali kudepoti, amafuna aone kuti dzanja lako lamufikira. Koma ine pamsika paja ndinachotsapo dzanjalo, chitini n'kuchisiya chomwecho.

Ndinafunsa, mwina pofuna kupulumutsako kanthu, kuti ngati zili choncho ndiye mphatso yake ili pati, si chinyengo chabe chimenecho?

«Kutapa koyamba n'kwawo kale,» anatero. «Kwachiwiri ndiko kwanga, ndipo ndimadziwa woti ndim'patse.»

Pamenepo ndinakumbukira zomwe ndinkaziona koma osaziona. Pansi pa tebulo pankakhala beseni la nsawa zosweka ndi zazing'ono, zosayenera kulowa m'chitini koma zabwino nsinjiro. Mmenemo ndimo munkachokera kutapa kwachiwiri. Amayi Zulu analandira chaka chonse pamene amuna awo anachotsedwa ntchito. Analandiranso gogo wina wolera ana amasiye, ndi aliyense amene nkhope yake inkaonetsa kuti kunyumba sikuli bwino. Zonsezo agogo anu anali ataziwerengera m'mutu, ndipo sizinagwetsepo tebulo.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze tsiku lija la pepala.

«Munafunsa kapu, aMwale. Ine simunandifunse.»

Analibe mpata wosiya amayi awo mpaka patapita masiku anayi. Atamva kuti ndinalemba maina onse m'kope, anati kamodzi kokha kulembalemba kwanga kwathandiza. Anandilamula kuti ndibwerere, nditenge thumba la nsawa, ndiyende khomo ndi khomo, ndikabweze kutapa kulikonse komwe ndinamana anthu. Ananenanso kuti tayi ndimusiye kunyumba.

Masiku atatu ndinazungulira Kapata ndi thumba pakaliyala. Ndinadziwa tinjira tomwe sindinkatidziwa, agalu onse anandidziwa, ndipo pakhomo paliponse ndinkayamba ndi odi, kenako kupepesa, kenako kutapa. Apa panabuka vuto lina la masamu. Taonani manja angawa, ndi mafosholo. Kutapa kwanga kumodzi kunkaposa kwa agogo anu pafupifupi ndi theka, ndipo sukanabweza zina m'thumba mwini nyumba akuona. Makapu onse aja ndinapulumutsa anapita, n'kutenganso anzawo. Ena ankandiseka poyera, ena ankandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Mayi wina anaitana aneba ake kuti adzaone mphunzitsi wa ku koleji akugawa nsawa.

Kwa amayi Zulu ndinafika pomaliza chifukwa ndinkawaopa. Ndinawapeza pamtondo. Anabweretsa lichero, ndipo ndinatapa katatu, kwa zitini zitatu za Lolemba lija. Nditamaliza, lichero silinachoke. Analigwirabe pamaso panga, akundiyang'ana. Ndinaima kanthawi ngati wophunzira amene funso lam'thawa. Kenako ndinapisa manja m'thumba n'kutapanso kachinayi.

«Tsopano mwakhoza, aphunzitsi,» anatero.

Anatembo anafika tsiku lomaliza la sabata ija, molunjika kuchokera pa lole, fumbi lili m'mapazi. Amayi Daka anatulutsanso chitini cha komiti, anthu anaunjikananso. Agogo anu anadzaza chitini ichi, anakhuthula, ndipo malo aja anaonekanso pamwamba. Kenako anatapa kamodzi ndi manja awo, anathira, nsawa zinafika pamlomo ndendende, osataya ngakhale njere imodzi. Azimayi anaimba nthungululu. Tebulo linatsala lathu, koma komiti inaikapo lamulo limodzi, lakuti aMwale ntchito yawo pamsika izikhala yonyamula matumba basi. Lamulo limenelo ndinalisunga mokhulupirika mpaka ndinapuma ntchito.

Koleji itatsegulira ndinapeza nkhani yandifikira kale, wa tomato uja sanagone nayo. Ndinaona kuti kuli bwino ndiinene ndekha. Ndinalowa m'kalasi ndi zitini ziwiri zofanana, ndinaziika patebulo, n'kufunsa kuti chilichonse chimalowa zingati. Onse anawerenga zolembedwa pambali n'kuyankha kuti malita asanu. Ndinaitanitsa madzi ndi kapu, tinathira pamodzi, ndipo china chinadzaza pa makapu khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinawauza kuti mayi wa pabolodi uja, amene tinkamupukusira mitu, ndi mkazi wanga, ndipo wolakwa pa samu ija ndinali ine. Kuyambira chaka chimenecho phunziro langa loyamba linkakhala lomweli. Ndinkawauza kuti asanagwire pensulo aziyamba ayeza choyezera, ndipo akapeza munthu amene wakhala pamalonda zaka zambiri akuchita chinthu chooneka chopusa, azimufunsa kaye. Ena mwa ophunzirawo ali ndi masitolo m'tauni muno, ndipo tikakumana sakumbuka maperesenti anga, amandifunsa za chitini.

Agogo anu atatisiya, amayi ako, Dalitso, ankafuna kugawa katundu yense wa patebulo kwa achibale. Ndinalola zonse, mabeseni, malichero, ngakhale tebulo lenilenilo, koma ichi ndinakaniza. Tsiku lina nsawa zatsopano zitabwera kuchokera ku Chipangali ndinachitsitsa, ndinabwereka chitini chosakhoma kwa aneba, n'kuyesa ndekha pakhonde pano. Kutapa kwanga kunasefukira pansi. Amayi ako anayesa, kunaperewera pang'ono. Azakhali anu anayesa, kunaperewanso. Tinaseka, koma ine pambuyo pake ndinalowa m'nyumba, chifukwa ndinawasowa kwambiri tsiku limenelo.

Tionge, pita ukatenge thumba la nsawa lili kuseri kwa chitseko, ndipo Chisomo athamangire kwa aneba akabwereke chitini chawo chija. Muyese nonse, mmodzimmodzi, mwina wina wa inu anatengera manja awo. Akapezeka, chitinichi n'chake. Akapanda kupezeka, Dalitso, uchipukute bwino, uchibwezere pamwamba pa kabati.